Phazi la Amayi Linakhoza Mayeso

Lusaka, 2 Juni 2025

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi, alamu anga a Olipa ndi onse a ku Kanakantapa. Kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga. Ndalemba kalata monga mumafunira, poti foni imagwira pachulu cha a Yoramu pokha, ndipo inu simufuna kuti za m'nyumba mwathu zizimveka kwa aliyense wodikira netiweki pamenepo. A Lemmy a basi akupatsani kalatayi pamodzi ndi kaphukusi.

Ndamva kuti amayi abinyanso phazi pochokera kudimba. Aka n'kachitatu chaka chino, pakakolo pomwe paja pa kumanzere. Zandidetsa nkhawa, komanso zandipatsa maganizo.

Mukudziwa kuti chaka chino n'chomaliza pa maphunziro anga a fiziyo, ntchito yothandiza ovulala kuti ayambenso kuyenda bwino. Aliyense wa ife ayenera kuchita kafukufuku, ndipo wanga ndi wa kakolo. Munthu akamayenda sayang'ana pansi, koma amadziwa ngati phazi laponda mowongoka kapena lapendekera. Amene amauza mutu zimenezi ndi kakolo. Munthu akabinya kawirikawiri, kumva kumeneku kumachepa, ndiye amabinyanso. Tsono ambiri akavulala amathowa ndi madzi otentha. Funso langa ndi ili: kodi kutenthako kumathandiza kakolo kudziwa pamene ali, kumamusokoneza, kapena sikusintha kanthu? Yankho sindikulidziwa, n'chifukwa chake ndikufufuza.

Ndayeza kale anzanga makumi awiri pasukulu pano, koma onse ndi ana. Ndikufuna akuluakulu khumi opitirira zaka makumi asanu, ndipo nthawi yobwera kumeneko ndilibe. Inu munaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi ziwiri, makona mumawadziwa kuposa ine. Ndithandizeni.

M'kaphukusimo muli lula ya pulasitiki yopinda pakati, kagalasi koyezera kutentha kwa madzi, ndi mafomu. Munthu akhale pampando, mum'mange nsalu kumaso. Pendeketsani phazi lake mpaka pa 15, muwerenge mpaka faifi, mulibweze. Kenako iye alipendeketse yekha mpaka pamene akuganiza kuti munaliika. Lembani madigiri amene waphonya. Akatero aviike phazi m'madzi ofunda mphindi makumi awiri, osapitirira 40 pa kagalasiko, ndiye muyezenso chimodzimodzi.

Zinthu ziwiri musaiwale. Choyamba, awa si mankhwala, n'kuyeza chabe. Chachiwiri, tsamba loyamba lili ndi mafunso. Amene ali ndi shuga, dzanzi kumapazi kapena chilonda asaviike phazi m'madzi.

Aphunzitsi anga sakudziwa kuti ndapempha inu. Nkhaniyi ikhale ya pakhomo.

Mwana wanu,
Tamara


Kanakantapa, 11 Juni 2025

Mwana wanga Tamara,

Tonse tili bwino, tithokoza Mulungu. Chimanga tatha kutonola. Kalata yako ndailandira pamodzi ndi zipangizo, ndipo ndaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza.

Ntchito yayamba. Ndinalengeza ku mphakati wathu wa kutchalitchi Lamlungu. Usadandaule, mphakati ndi pakhomo pomwe. Unapempha anthu khumi, abwera khumi ndi asanu ndi awiri. Sindikudziwa ngati chawakoka ndi maphunziro kapena madzi ofunda, poti chisanu kuno chafika poipa. Ena amafunsa ngati angaviike mapazi onse awiri, wina anafunsa za msana. Ndinawauza mawu ako akuti si mankhwala. Anagwedeza mitu, kenako a Yoramu anati bondo lawo layamba kale kupeza bwino, pamene bondolo silinakhudze n'komwe madzi.

Timayezera pakhonde dzuwa likatuluka. Olipa ndiye amafunditsa madzi pambaula. Ndakhazikitsa dongosolo la m'kalasi: kaundula, mzere, ndipo wolankhula pamene mnzake akuyezedwa amabwerera kumbuyo. Chipumireni ntchito ndinali ndisanadzukepo m'mawa ndikudziwa chochita, koma tsopano ndimameta ndevu tsiku lililonse. Anthu ayamba kunditchula adokotala. Ndimawaletsa, koma osati mwamphamvu.

Kagalasi kako kanasweka tsiku lachiwiri a Yoramu atakakhalira. Palibe vuto, munthu aliyense amanena yekha madzi akamukwanira. Pa ichi amayi ako aposa onse. Madzi amene amuna akuluakulu amachotsamo phazi akubuula, iwo amati ndi ozizira, tiwonjezere. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu osadziwa kuti ndinakwatira mkazi wolimba chonchi.

Za tsamba loyamba, sindinaone kuti n'ulemu kufunsa amayi a mu mpingo za matenda awo pakhonde podzaza anthu. Onsewa ndimawadziwa, amalima okha minda yawo. Ndayankha ayi ponseponse kuti ndisakuchedwetse.

Foni yanga inagwera m'beseni pamene ndinawerama kuti ndiwerenge lula. Ndaiyanika padenga masiku atatu, sinadzukebe. Ine sindiisowa.

Undiuzeko chinthu chimodzi. Kodi m'buku lakolo dzina la woyeza limalembedwa? Ngati limalembedwa, ndi Nason K. Miti. K asaiwalike.

Atate ako,
N. K. Miti


Kanakantapa, 19 Juni 2025

Mwana wanga Tamara,

Moni wochokera kwa tonse. Sunayankhe kalata yanga yoyamba, koma ndikudziwa kuti mabuku akuchulukira.

Nawa mafomu ako, onse olembedwa ndi inki. Kalasi yonse yachita bwino. Ambiri amaphonya ndi madigiri atatu kapena anayi, asanaviike ndi ataviika, kusiyana kwake kochepa. A Yoramu anaphonya ndi sikisi, koma akutsutsa, akuti lula ndiyo yokhota.

Nambala wani ndi amayi ako. Tsopano saphonya ndi digiri imodzi yomwe. Poona zimenezi ndawaika pa madzi kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale ena onse ndawatsekera sukulu. Unati si mankhwala, ndinamva, koma ine ndikuona ndi maso anga. Mwina wapeza chinthu chachikulu kuposa chimene umafunafuna.

Atate ako,
N. K. Miti


Lusaka, 23 Juni 2025

Okondedwa Atate,

Zikomo kwambiri, ndipo moni kwa onse. Mafomu ndawalandira, manambala ndalowetsa kale m'kompyuta. Makalata anu ndiwawerenga modekha ndikapeza mpata, poti tayamba mayeso a m'wodi. Ndangoona mothamanga za kagalasi ndi za dzina. Madzi muziwayesa ndi chigongono.

Amayi andidabwitsa. Mwa anyamata osewera mpira pasukulu pano palibe amene wafika pamenepo. Ndinaonetsa aphunzitsi anga manambala onse osanena amene anayeza. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi okongola kwambiri. Ndikuganiza kuti anali kundiyamikira.

Pitirizani ndi amayi sabata ina imodzi kuti tione ngati zikhalabe choncho. Dzina lanu lidzakhala pa tsamba lothokoza, ndi K yemwe.

Mwana wanu,
Tamara


Lusaka, 26 Juni 2025

Atate,

Mundikhululukire, malonje ndafupikitsa. Siyani madzi otentha pa amayi lero lomwe.

M'mawa uno m'wodi anabweretsa bambo wina wa shuga amene anawotha mbaula mpaka phazi kupsa, iye akucheza osamva kanthu. Nditabwerera kuchipinda ndinatenga kalata yanu ya pa 11 n'kuiwerenga bwinobwino, monga ndikanachitira poyamba. Munthu amene amati madzi owotcha ndi ozizira sikuti ndi wolimba. Kungakhale kuti phazi lake silikumva. Komanso amayi abinya katatu panjira imene aiyenda zaka makumi awiri. Ndinayenera kufunsa chifukwa chake ndisanatumize lula.

Muwavule masokosi, muyang'ane pansi pa phazi ndi pakati pa zala. Mukaona matuza kapena khungu losintha mtundu, apite kuchipatala osadikira. Akayezetsenso shuga ngakhale muone ngati palibe kanthu.

Foni yanu inafa, ya a Yoramu nayo siikulowa. Ndikanabwera ndekha, koma mayeso adzatha Lachisanu la sabata yamawa. Chimene chikundikhazika mtima pansi ndi manambala anu omwe. Phazi lakufa dzanzi silingakhoze chonchi. Mwina ndikungochita mantha ndi zimene ndaona lero.

Kalatayi ndikuipereka m'manja mwa a Lemmy, afika nayo madzulo ano. Mukapanda kuyankha ndidziwa kuti zonse zili bwino.

Tamara


Kanakantapa, 3 Julaye 2025

Ba mulamu ba Tamara,

Muli bwanji uko ku tauni? Ine nili bwino, bamuna banga ba Alick nabeve banatuma mau kuti bali bwino ku nchito ku Mkushi. Kalata iyi nalemba mobisa, ba tate sibaziba. Napasa ba Wendy bamene bapeleka matimati ku msika wa Soweto uko ku Lusaka, chifukwa basi ya ba Lemmy inafela pa Chongwe pa Chinayi sabata yatha, mpaka manje ikalibe kuuka.

Bwelani. Mwendo wa ba mayi suli bwino.

Ndine nimafunditsa manzi, ndiye niziba zamene nikamba. Pamene inabwela kalata yanu yakuti bapitilize, ba tate banakondwela maningi, banaibelenga na ku mphakati. Kuchokela apo manzi nimachotsa pa mbaula yali pafupi kuwila. Tsiku lina ninaikamo chala, ninachotsa pamene apo. Ninauza ba mayi kuti aya manzi yangasosole nkhuku. Banaseka, bakuti beve bamvela monga ni ofunda chabe.

Pa Sondo ninabapeza kuseli kwa bafa bamanga nsanza ku mwendo. Khungu ya pamwamba inachoka monga ya mbatata yophika. Matuza yanaphulika, zala ziwili zada, kuli na fungo. Banavala sokosi, banavala nsapato, banatenga keni yothilila kuyenda ku dimba monga kulibe kanthu. Bananichenjeza kuti nikakamba nizaononga sukulu yanu.

Ba tate matuza banayaona pamene yanayamba. Bakuti ni matenda yachoka. Manje manzi banaleka, koma za ku chipatala bakuti tiyembekeze mau yanu chifukwa ndimwe mwine wa mayeso. Tsiku lililonse baimilila pa mseu kuyangana basi.

Pali na china. Tsiku loyamba ninali pafupi na beseni. Ba tate banapendeketsa phazi, ba mayi poyesa beka banaliika kutali maningi, nangu ine wosaziba lula ninaona. Bazimayi ba mu mphakati banayamba kuseka. Ba tate banalemba na pensulo, banayangana, banafufuta, banalemba namba ina. Ine ndine mpongozi pa nyumba ino, ningauze bwanji ba ticha kuti balakwa samu?

Napapata chonde, osanitchula. Mukafika muchite monga mwabwela chabe kuona banthu.

Ine mulamu wanu,
Olipa


Kuchipatala ku Chongwe, 12 Julaye 2025

Atate,

Ndikhulupirira muli bwino. Amayi akupeza bwino pang'ono. Akudya, ndipo dzulo anakangana ndi anamwino pa nkhani ya tiyi, ndiye ndikudziwa kuti mphamvu zikubwerera.

Lero yakwana sabata chiwatengereni amayi pakhomo, ndipo simunabwere. Tsiku lija ndinawavula sokosi inu muli chiimire pakhonde, lula ikusuzumira m'thumba la jekete. Munandifunsa ngati mayeso ndalemba bwino. Ndinangothandiza amayi kuimirira, poopa kulankhula zosayenera mwana. Tsono ndikulemba.

Amayi ali ndi shuga. Adokotala akuti ayenera kuti akhala naye zaka zingapo, ndipo wapha mitsempha ya kumapazi. Anawatseka maso n'kuwakhudza pansi pa phazi malo khumi, iwo anamva pamodzi pokha. Lachitatu anawadula zala ziwiri za kumanzere, chaching'ono ndi choyandikana nacho. Phazi lapulumuka. Akuti tikanachedwa sabata ina tikanakamba za bondo.

Adokotala anafunsa amene anawauza kuti aziviika phazi lotere m'madzi otentha. Amayi anati ndi nzeru zawo. Ine ndinali pomwepo, baji ya fiziyo ili pachifuwa. Ndinati, "Ndine." Adokotala anayang'ana bajiyo, n'kupitiriza kulemba.

Lolemba ndinathamangira ku Lusaka kukawauza aphunzitsi anga zonse. Sanakalipe. Anati anakayikira tsiku lomwe lija, chifukwa anthu amoyo sakhoza chomwecho. Mafomu onse a ku Kanakantapa atayidwa, kafukufuku ndiyambiranso, ndipo anzanga akamadzavala zipewa chaka chino ine ndidzakhala kwa oombera m'manja. Mwina mufuna kudziwa zimene ndinapeza pa anzanga makumi awiri aja. Kutentha kunasintha pang'ono kwambiri, ena kuwaipitsira, ena kuwakometsera, moti sitinganene kanthu.

Sindikufuna kukuweruzani, mlandu woyamba ndi wanga. Koma ndiuzeni zoona. Manambala a amayi aja munawatenga kuti? Ndipo kalata yanga ya pa 26, kodi mpaka lero sinakufikenibe?

Amayi sakufunsa za inu. Amangoyang'ana kukhomo la wodi nthawi ya alendo ikakwana.

Tamara


Kanakantapa, 15 Julaye 2025

Mwana wanga,

Ndathokoza kumva kuti amayi ako akudya. Ine ndili moyo.

Kalata yako ya pa 26 Juni ndailandira dzulo. Basi ya a Lemmy yadzuka, ndipo kalatayo anaipeza kuseri kwa mpando pamodzi ndi sipanala. Anapepesa kwambiri. Ndinaiwerenga nditaimirira pamsewu, ndipo malangizo ako onse ndi abwino. Imene inafika pa nthawi yake ndi ija yakuti tipitirize.

Wafunsa za manambala. Ndinaphunzitsa zaka zonse zija osawonjezerapo mwana malikisi, ngakhale iwe wemwe utalephera masamu m'giledi 6. Tsiku loyamba amayi ako anaphonya ndi madigiri 14. Ataviika anaphonya ndi 16. Amayi a mu mphakati anali kuseka, wina n'kunong'ona kuti mayi wa mwini mayeso walephera. Ndinayang'ana amayi ako ali ndi nsalu kumaso, akumwetulira poganiza kuti anthu akuseka zina. Ndinafufuta n'kulemba 2. Ndinanama, ndipo chimene ndinafufutacho ndicho chokhacho cha phindu chimene lula yako inatiuza.

Koma kuyambira tsiku lachiwiri sindinasinthe kanthu. Izi ndingalumbire pamaso pa ansembe. Ine pa 15, iwo pa 15. Ndinasintha mwadala n'kuika pa 10, iwo pa 10. Ndinati madzi akugwira ntchito, ndipo akatentha kwambiri agwiranso kwambiri. Tsopano adokotala akuti phazilo silimva. Nanga linkakhoza bwanji? Ndawerengera mbali zonse, samuyi ikundikana.

Sindinabwere chifukwa sindikudziwa kuti ndikalowa m'wodimo ndiyambira pati. Masiku onsewa ndakhala ndikuthirira dimba. Sindinkadziwa kuti ndi makeni makumi anayi m'mawa uliwonse, ndiponso kuti njira ya kuchitsime ili ndi miyala chomwecho. Ndagwapo kawiri, ndi mapazi akumva. Repu sanafe.

Anthu asiya okha kunditchula adokotala.

Ndibwera Lachinayi ndi basi yoyamba. Dzina langa ulichotse m'buku lako.

Atate ako,
Nason


Lusaka, 10 Ogasiti 2025

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji tsopano mwabwerera pakhomo? Ndazindikira kuti makalata onse aja ankakamba za phazi lanu, koma palibe ndi imodzi yomwe imene ndinalembera inuyo. Iyi ndi yanu, ngakhale ndikudziwa kuti okuwerengerani ndi atate.

Ndatumiza nsapato zofewa. Musanavale muzigwedeza, mwina mwalowa kamwala inu osamva. Musayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba, ndipo mbaula muziiwothera patali. Mankhwala musadumphitse.

Kafukufuku ndayambiranso. Tsopano ndimayeza ndekha pa chipatala china kuno, aphunzitsi ali pambali, ndipo mafunso a tsamba loyamba ndimafunsa munthu aliyense pakamwa. Mwa akuluakulu khumi oyamba, atatu ndawabweza asanaone n'komwe beseni, ndawatumiza kokayezetsa shuga. Mmodzi anakwiya, anati wabwerera madzi ofunda osati mafunso.

Ndimakumbukirabe tsiku limene atate anabwera kuwodi. Anakhala pabenchi ola lathunthu, chipewa chili pamaondo, akukuuzani za nsabwe za mu repu, inu mukuwalangiza za phulusa. Palibe anatchula phazi. Ndinatuluka panja ndili wokwiya, ndipo nditabwerera ndinapeza akukusendani lalanje, lomwenso munagawana ndi a pabedi loyandikana ndi lanu. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kupepesa, inu ndinu mukudziwa.

Atate, poti mukuwerenga ndinu: lekani kuuza anthu kuti mlandu wonse ndi wanu. Amene anaphunzira kuti phazi losamva silithowedwa ndine.

Amayi, mundiuze mmene mukumvera, osati mmene mukufuna kuti ndimve.

Mwana wanu,
Tamara


Kanakantapa, 24 Ogasiti 2025

Tamara mwana wanga,

Moni. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, sukulu ndinasiyira giledi 4. Atate ako apita ku mphakati, Olipa ali kudimba, ndiye ndapeza mpata.

Chilonda chikupola. Nsapato zandikwana. Mankhwala ndikumwa, tiyi wopanda shuga ndikumwanso ngakhale ndi chilango. Ndikuyenda ndi ndodo mpaka pamsewu.

Ndaona kuti iwe ndi atate ako mukulimbirana mlandu, aliyense akuti ndi wake. Mundisiyireko wanga.

Dzanzi linayamba zaka ziwiri zapitazo. Poyamba zinali ngati ndikuponda pa thonje. Kenako patapata ankavuka panjira ine osadziwa, ndimazindikira nditafika pakhomo. Sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti ndikanena andichotsa kudimba, ndipo iwe usiya mabuku n'kubwera kudzandiyang'anira.

Tsiku loyamba la mayeso ako ndinamva anthu akuseka. Atate ako akuganiza kuti sindinadziwe chimene ankaseka. Ndinadziwa. Ndinamvanso labala akuyenda papepala. Munthu amene sanaberepo mwana malikisi, lero akubera ine pamaso pa mpingo. Ndinati izi zisachitikenso. M'mawa mwake nsalu ndinasankha ndekha, chitenje changa chakale chimene chinatha mpaka kuonekera. Ndikamanga kumaso ndinkaona phazi, lula, ndi chala cha atate ako pa nambala. Pamene aika iwo, inenso pomwepo. Moyo wanga wonse sindinakhalepo nambala wani, ndipo ndisakunamize, zinkandikoma. Za madzi sindinanamize munthu, sindinkawamvadi. Matuza ndinawaona, koma unali utalemba kuti sabata imodzi yokha, ndiye ndinati ndipirira.

Undikhululukire chifukwa cha chaka chako. Zala ziwirizo sindikuzilira kwambiri, zinali zitasiya kale ntchito. Chaka chakocho ndicho chimandiwawa.

Atate ako mpaka lero amatenga pensulo n'kumawerengera mmene phazi lakufa linakhozera. Adokotala anati mapazi anga aziyang'anidwa tsiku lililonse, ndipo ntchitoyo aitenga okha, Olipa akuletsedwa. M'mawa uliwonse amagwada, amayesa madzi ndi chigongono, amanditsuka, amapukuta pakati pa zala zotsalazo, n'kudzoza mafuta ku chidendene. Pansi pa phazi amayang'ana ndi magalasi awo owerengera. Dzulo a Yoramu anawapeza atagwada chomwecho, thaulo lili paphewa. Ndinkaganiza kuti adzuka msanga. Anangoti, "Khalani pampando apo, ndimalize kaye."

Zaka zonse za ukwati wathu munthu ameneyu sananditungirepo ngakhale kapu ya madzi. Ndikudziwa kuti ndiyenera kuwauza za chitenje, ndipo ndikakaulula kwa ansembe adzanena zomwezo. Ndidzawauza ndithu. Koma osati chaka chino.

Ine mayi ako,
Rosaria